Momwe mungakonzere kamba ndi kuphika mukakagona pa phiri la Mulanje

Ambiri akamakonzekera kukwera phiri la Mulanje nzeru zonse zimakhala pa nsapato ndi majuzi, za m'mimba amazikumbukira atafika kale pa Chitakale, m'munsi mwa phirili. Apo ndiye amangotola buledi, mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo, kenako tsiku lachiwiri mawondo ayamba kugwedera ndi njala. Kumwambako kulibe golosale. Chilichonse chomwe mukadye ku nyumba zogona za Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Chisepo chimakwera pamsana pa munthu, choncho chikhale chopepuka koma chokhalitsa m'mimba.

Yambani ndi kuwerenga kuti mukadya kangati. Ulendo wogona kawiri uli ndi kadzutsa kawiri, nkhomaliro katatu ndi mgonero kawiri. Onjezanipo mgonero umodzi wapadera, chifukwa chiperoni chikagwa mutha kuswera m'nyumba tsiku lonse osaona njira. Musanachoke pa Likhubula, pomwe ambiri amayambira kukwera, mvanani ndi wokutsogolerani komanso onyamula katundu ngati atenga chakudya chawo kapena mukadyera limodzi. Nkhani imeneyi ikakambidwa poto ali kale pamoto, wina amagona ndi njala.

Mukatero sankhani zouma. Ufa muuyeze kunyumba, wa nsima iliyonse m'kajumbo kakekake, kuti musaumalize usiku woyamba. Ndiwo zabwino ndi usipa wouma, matemba, soya pisesi ndi mfutso wa chisoso kapena nkhwani, pamodzi ndi nsinjiro zotendera. Nkhuku kapena nyama muikazingiretu kunyumba ndipo ithe usiku woyamba. Tomato gulani wosapsetsa, mumulongedze m'kati mwa poto kuti asaphwanyike. Mafuta ophikira athireni m'kabotolo kotseka bwino, mukakulunge m'pulasitiki kawiri; akatayikira m'chikwama, bulangete lanu lidzanunkha usipa wokazinga ulendo wonse.

Nyemba zouma zisiyeni kunyumba, ngakhale mumazikonda chotani. Nyumba zambiri zogona pa phirili zili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, ndipo pamenepo madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 93 m'malo mwa 100. Nyemba zimangovina m'poto maola ndi maola, nkhuni n'kutha, zikadali gwa. Mpunga nawo umafuna madzi ochulukirapo ndi chivindikiro chothina. Pophika nsima, lolani phala libwate nthawi yotalikirapo kusiyana ndi kwanu musanayambe kuthira ufa wovundulira, apo ayi idzamveka yosapsa.

Ziwiya sizifuna kuchuluka: mapoto awiri olowetsana, mthiko waufupi, chipande, mpeni, mbale ndi kapu ya aliyense, machesi omangidwa m'pulasitiki, ndi tochi, popeza mgonero umaphikidwa kutada. M'nyumba zogonamo muli malo osonkhapo moto, ndipo mlonda ndi amene amasamala za nkhuni ndi madzi. Musanatereke poto, mupake sopo kunja kwake. Mwaye udzachoka mosavuta.

Mukangofika, terekani madzi a tiyi musanavule n'komwe nsapato. Kuzizira kwa kumwambako kumalowa m'thupi thukuta likangouma. Mukamwa tiyiyo yambani ndiwo. Usipa muuchotse mitu, muuviike m'madzi otentha kwa kanthawi kuti mchenga ndi kuwawa zichoke, kenako muukazinge mpaka ukhale wofiirira musanaponyemo anyezi ndi tomato. Mfutso umafuna kuwira kaye mpaka ufewe, nsinjiro zibwere pomaliza, moto uli wochepa, mukutakasa kuti zisapserere. Nsima ikhale yomaliza ndipo anthu akhale atasamba kale m'manja, chifukwa pa Mulanje nsima imazizira mukuyang'ana.

Moto ukamazilala musaulekerere. Kwirirani mbatata m'phulusa lotentha ndipo wiritsani mazira: imeneyo ndiyo nkhomaliro ya mawa. Masana panjira sipophikira. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa udzu umakhala wouma kwambiri, ndipo kamoto kamodzi kophikira tiyi katha kutentha chigwa chonse. Mbatata, dzira, mtedza wokazinga, buledi wopaka chiponde ndi nthochi n'zokwanira, ngakhale tsiku lopita pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 yomwe ambiri amaikwera kuchokera ku Chisepo. M'mawa wa tsiku lotere idyani phala lothira nsinjiro ndi shuga, tiyi yekha sangakufikitseni.

Madzi a m'mitsinje ya pa phirili amaoneka oyera mbee, koma omwe mwatunga kumunsi kwa nyumba yogonamo kapena pamene pamadutsa anthu ambiri muwawiritse kapena muthiremo mankhwala a kolorini. Mbale tsukirani patali ndi mtsinje, pakuti madzi omwewo akumwedwa ndi anthu a m'midzi ya m'munsi. Nkhuni gwiritsani zomwe mlonda wakupatsani, ndipo mkungudza musauyandikize kumoto: ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu.

Usiku chakudya chonse chipachikeni pamsomali kapena pamtanda wa denga, makoswe a m'nyumbazi sachita manyazi. Potsika, majumbo, zitini ndi mabotolo zibwerere nanu. Ufa, shuga ndi mchere zotsala musiyireni mlonda wa nyumba yomaliza, pamodzi ndi kangachepe kothokoza.