Momwe mungasungire pampu ya m'fakitale nthawi yaitali osachita dzimbiri

Pampu yongokhala imawonongeka mwakachetechete. Kunja penti akuwala bwinobwino, koma tsiku loti muiyatse shafiti, chitsulo chozungulira cha pakati pa pampu, n'kukana kutembenuka. Opanga mapampu ambiri amati ikakhala miyezi yoposa 6 osagwira ntchito imafunika chisamaliro chapadera.

Yambani ndi kukhetsa madzi onse potsegula pulagi ya pansi. Ngati inkapopa madzi amchere kapena mankhwala, itsukeni kaye ndi madzi abwino, chifukwa mchere umaboola timaenje ngakhale pa stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri msanga. Kenako iumitseni ndi mpweya wa kompuresa. Musapeputse timadzi totsalira: pa mapampu ambiri mpata wa pakati pa impela (chozungulira chokankha madzi) ndi mphete yake sufika n'komwe theka la milimita, choncho dzimbiri lochepa chabe limakwanira kuzigwiranitsa.

Ikauma, thirani mkati oyilo woteteza ku dzimbiri, mukutembenuza shafiti kuti afike paliponse. Onetsetsani kuti oyiloyo sadya labala ya m'pampumo. Chitsulo chilichonse chopanda penti chipakeni girisi. Ngati pampuyo ndi ya gland packing, chingwe chozinga shafiti kuti madzi asatuluke, chotsani packing yakeyo. Imasunga chinyezi n'kudya shafiti pomwe yagwirapo. Polowera ndi potulukira madzi tsekanipo ndi zivundikiro zomanga ndi mabawuti, osati nsanza. Mbewa ndi mavu sizichedwa kupeza nyumba.

M'mabering'i, momwe shafiti imazunguliramo, ikani girisi watsopano, kapena oyilo woyera ngati ndi a oyilo.

Malo osungira akhale m'nyumba mouma, pampu itakwezedwa pa matabwa, osati pasimenti. Apa ambiri amalakwitsa pokulunga pulasitiki thithithi n'kuganiza kuti athana nazo. Kukatentha masana n'kuzizira usiku, mkati mwa pulasitikiyo mumachita mame, pampu n'kumagona m'madzi. Mukafuna kukulunga, ikanimo timatumba ta silica gel toyamwa chinyezi ndipo muzitisintha. Apo ayi, ingofunditsani mosiya mpata wopita mphepo.

Tsono chofunika kwambiri, chomwenso chimaiwalika msanga, ndi ichi: mwezi uliwonse tembenuzani shafiti ndi manja maulendo 10 mpaka 15. Lembani chizindikiro ndi choko kumapeto kwa shafiti, ndipo pomaliza isaime pomwe inali, muzipitiriza pang'ono. Shafiti ikakhala malo amodzi, kulemera kwake kumafinya girisi pansi pa timipira ta m'bering'i, chitsulo n'kukhudzana ndi chitsulo chinzake. Pansi pakamanjenjemera chifukwa cha jenereta kapena makina ena oyandikira, timipirato timakumba tizibowo, ndipo bering'i yoti sinagwirepo ntchito imadzayamba ndi kulira. N'chifukwa chake pampu isasungidwe pafupi ndi makina ogwedeza pansi. Kutembenuzako kumathandizanso kuti nkhope za mechanical seal, chotchinga madzi kuti asatuluke pa shafiti, zisamatirirane. Mangirirani kakhadi pa pampupo kolembapo tsiku ndi amene watembenuza. Zongodalira kukumbukira sizipita patali.

Mota nayo imadana ndi chinyezi. Ngati ili ndi hita ya mkati, ilumikizeni ku magetsi nthawi yonse yosungayo.

Tsiku loibwezera pa ntchito, tsukani oyilo woteteza uja, sinthani girisi kapena oyilo wa m'mabering'i, ndipo ma O-ring (mphete za labala) ouma kapena ong'aluka atayeni. Wamagetsi ayeze mawaya a mota ndi megger, chida choyezera ngati magetsi sakudutsa pa zokutira mawaya, musanayatse. Pomaliza tembenuzani shafiti ndi dzanja. Ikalimba penapake kapena ikamveka kukhula, musayatse, phwasulani muone.