Mpingo ukakulasa mtima: zimene ndinaphunzira atakana kuimba maliro a amayi anga

Amayi anga anatisiya mu Julayi 2022, atadwala miyezi 9. Yunifolomu ya amayi a mpingo anaivala zaka zoposa 30. Titapereka uthenga, akulu a mpingo awiri anafika pasiwa, anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundinong'oneza kuti khadi la zopereka la amayi lili ndi mipata ya miyezi 9, choncho mpingo suimba malirowo. Miyezi yomweyo imene anali chigonere pamphasa! "Mutimvetse bambo, ndi dongosolo," anatero mmodzi. Patangotha milungu isanu kunamwalira bambo wina wa malole, amene tinkangomuona pa Khirisimasi. Kunaimba makwaya atatu.

Ine ndine telala, ndipo nthawi imeneyo ndinali mtumiki, woyenda ndi mbale ya chopereka Lamulungu lililonse. Ngati nanunso mpingo wakuchitani zoti mukamva belu m'mimba mumatentha, nazi zimene zinandithandiza, ndi zina zimene ndinalakwitsa.

Choyamba, musagamule kanthu bala lidakali laliwisi. Sabata imeneyo ndikanatha kutentha jekete langa la utumiki. Pumani kaye. Eliya atathawira m'chipululu n'kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi kawiri konse, n'kumusiya agone. Mafunso anabwera pambuyo pake, atayenda masiku 40. Ine ndinakhala kunyumba miyezi itatu. Koma popuma osangozimiririka. Ngati muli ndi makiyi, kope la ndalama kapena malisiti, kaperekeni masana pamaso pa anthu awiri, ndipo asaine. Mukasowa muli ndi kope m'thumba, nkhani imatembenuka: wolakwiridwa uja amasanduka "amene anadya ndalama za simenti".

Kenaka tengani pepala mulembe chimene chakupwetekani, osazungulira. Mawu oti "onsewa ndi achinyengo" amakoma m'kamwa koma simungapite nawo kulikonse. Ine nditalemba kuseri kwa kope la miyeso ya makasitomala zinatuluka zitatu. Lamulo linaluma wosauka n'kulambalala wolemera. Pa miyezi 9 palibe mkulu amene anabwera kudzazonda wodwala, ngakhale kudzatiuza za khadilo. Chachitatu ndinachilemba mochedwa, dzanja likukana: ineyo ndinakhalapo pa misonkhano imene maliro a anthu ena anakanidwa chimodzimodzi, ndipo ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Mkwiyo wina umene ndinkaponyera akulu aja unali wanga womwe. Mukapeza chotere pa pepala lanu musachifufute.

Mukatero werengani amene anabwera. Mtima wopweteka umasunga maina a okana okhaokha. Usiku wa maliro kunafika amayi asanu ndi mmodzi, anzawo a amayi a ku mapemphero a Lachinayi. Anawaletsa kuvala yunifolomu, ndiye anabwera m'zitenje, wina atasenza nkhuni, wina ndi kabeseni ka ufa. Anagona pansi pambali pa bokosi, anaimba mpaka tambala woyamba. Zinanditengera miyezi kuti ndivomereze kuti mpingo unaimba ndithu maliro a amayi, kungoti sunali mpingo wa m'kaundula.

Tsopano pa nkhani yokadandaula, apa m'pamene ambiri timaphonya. Njira ili pa Mateyu 18:15-17: poyamba inu ndi wokulakwiraniyo awiriwiri, akakana mutenge mmodzi kapena awiri, zikakanika ipite ku mpingo. Gulu la WhatsApp la mlaga, kagawo ka mpingo ka m'dera lathu, mulibemo m'ndimeyi. Ine ndinalembamo ndime yaitali pakati pa usiku, ndipo m'mawa anthu ankakambirana za mwano wanga, za amayi ataziiwala. Chitani mosiyana ndi ine. Lembani kalata yaifupi yopempha kuonana ndi abusa, sungani kope lake. Pitani ndi munthu wachikulire amene amamulemekeza pampingopo, wosapsa mtima msanga. Mukafika funsani mafunso m'malo moweruza: "Abusa, lamulo limeneli linalembedwa pati? Limati chiyani za munthu wodwala? Linagwira ntchito pa maliro onse a chaka chino?" Funso lofatsa limavuta kulithawa kusiyana ndi chipongwe. Ndipo musaope kuti kudandaula n'kusapemphera. Pa Machitidwe 6 Akhristu olankhula Chigiriki anadandaula kuti amasiye awo akumanidwa chakudya, atumwi sanawadule, anauza mpingo usankhe amuna 7 oti akonze zinthu. Udindo wa utumiki umene ndinali nawo ambiri amati unachokera pa dandaulo limenelo.

Musayembekezere zambiri. Kwa ine abusa anati nkhaniyo sinawafike n'komwe, kaya n'zoona kaya ayi. Mkulu mmodzi anabwera ku shopu kudzapepesa, chipewa chili m'manja. Winayo mpaka lero.

Pali nkhani zina zosayenera njira imeneyi. Ngati mwana wagwiriridwa, kapena wina wamenyedwa kapena kuopsezedwa, musalole zoti "tikambirane monga abale, tisanyazitse dzina la mpingo". Pitani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support, ndi kuchipatala. Bwalo la akulu a mpingo si khoti.

Chenjerani ndi amene amanunkhiza bala. Munthu wokhumudwa amaoneka patali, ndipo pasanathe mwezi wina adzakuitanirani "kumene kuli moto weniweni". Ndinapitako kwa mneneri wina miyezi iwiri. Kuimba kunali kokoma, sindinama, ndinalira misozi imene inakanika kumanda. Koma tsiku lina anandiimiritsa pagulu n'kunena kuti amayi anadyedwa ndi azakhali anga, ndipo ndigule mafuta odzozera nyumba. Azakhali omwewo amene ankawasambitsa amayi tsiku ndi tsiku! Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ndaitanidwa ndimafunsa zitatu: ndalama amawerenga ndani ndipo lipoti limawerengedwa liti, mtsogoleri akalakwa amamudzudzula ndani, nanga mphawi akamwalira amatani. Akakwiya ndi mafunsowo, mwayankhidwa kale.

Kunyumba samalani pakamwa. Akazi anga sanasiye kupita, ndipo poyamba ndinkaona ngati andigulitsa. Ndinkanyoza akulu a mpingo pa nsima, ana akumva, mpaka wamng'ono anakana kupita ku Sande sukulu ati "kuli akuba". Ndinachita manyazi. Bala ndi lanu, ana musawagawireko.

Mukaganiza zochoka, chokani, si tchimo. Paulo ndi Barnaba anakangana za Yohane Marko mpaka kusiyana njira, pa Machitidwe 15, ndipo onse anapitiriza ntchito. Pambuyo pake Paulo yemweyo anaitanitsa Marko pa 2 Timoteo 4:11. Kwathu kuno Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda amene anadzozedwa ku mishoni ya Livingstonia mu 1914, anachoka mu 1933 atalemba zifukwa zake poyera. Tulukirani pakhomo, osati pawindo: pemphani kalata yosamukira ngati mpingo wanu umapereka, bwezani za eni, tsanzikani amene anakuchitirani zabwino. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mudzakumana nawo anthu omwewo kuchigayo, ku ukwati wa mwana wanu, ndi kumanda.

Ine ndinabwerera patatha chaka, osati chifukwa chokhutira. Amayi asanu ndi mmodzi aja akukalamba, ndipo ndikufuna ndidzakhalepo tsiku limene wina adzatulutse makadi awo. Ndimakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi windo, mbale ya chopereka sindinaigwirenso. Pa msonkhano wa mlaga ndinaimirira n'kupempha kuti khadi la munthu wodwala lizilembedwa "akudwala" m'malo mosiya mipata. Anati akakambirana. Papita misonkhano itatu, ndipo uliwonse ndimakweza dzanja, mlembi akangondiona amayamba kupukusa mutu.

Mkulu wosapepesa uja anabwera mwezi watha ndi thalauza loti ndimupindire miyendo. Ndinamupindira bwinobwino, mzere woongoka. Mtengo sindinamuchotsere.