Kompyuta ikakana kudzuka mutapanga update ya BIOS

Mwezi wa Epulo, fodya atayamba kupita ku Chinkhoma, mlembi wa kalabu ina ya alimi kwa Santhe anafika pashopu panga pa Kasungu boma atakumbatira kompyuta yokulunga m'chitenje ngati mwana wodwala. Dzulo lake inamupempha kupanga update ya BIOS, iye n'kuvomera. Kamzere kosonyeza pomwe update yafika kali pakati, magetsi anathima. Atayakanso, fani inkangolira, sikirini ili bii. "Achimwene, mayina a alimi ndi ngongole zawo za feteleza zonse zili m'menemu," anatero, thukuta lili kamukamu.

Ndinayamba ndamukhazika mtima pansi. Mafayilo amakhala pa hard disk kapena SSD, ndipo ngozi yotereyi siwakhudza. Chomwe chasokonekera ndi BIOS, kapulogalamu kokhala m'kachip pa motherboard (board yaikulu ya m'kati mwa bokosi), kamene kamadzutsa makina Windows isanayambe. Popanga update, kompyuta imafufuta zakale n'kumalemba zatsopano. Ndiye zili ngati mwasasula denga, mvula n'kukupezani musanafolere. Zipupa zilipo, koma simungagonemo.

Ngati magetsi sanathime koma sikirini yangoda, musakhudze kanthu kwa mphindi 15. Makina ena amazima n'kudziyatsa okha kangapo pomalizitsa ntchitoyi, ndipo ambiri omwe ndakonza anaphedwa ndi chala cha mwiniwake chothamangira batani.

Zikakanika, zulani chingwe cha magetsi, chotsani printa ndi zina zonse, mudinikize batani loyatsira kwa masekondi 30. Tsegulani bokosi, muchotse kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kakhale panja mphindi zisanu. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, kayezeni: kabwinobwino kamaonetsa 3 volts. Izi sizikonza BIOS yowonongeka ayi, zimangofufuta ma setting akale. Koma nthawi zina update imakhala itatha bwino, akale aja ndiwo akulimbana ndi zatsopano. Ya mlembi uja sinasinthe kanthu.

Apa ndi pomwe muyenera kudziwa mtundu wa makina anu, chifukwa ambiri ali ndi khomo lakuseri lodzipulumutsira. Lumikizani kiyibodi ya waya kumbuyo kwa bokosi, osati yopanda waya. Pa HP, gwirani batani la Windows ndi B limodzi, dinikizani loyatsira masekondi awiri kapena atatu, mulisiye, koma awiri aja muwagwirebe mpaka mumve kulira kapena muone zolemba. Pa Dell ndi Ctrl ndi Esc. Mukachita mwayi, makina amapeza okha BIOS yosungidwa pa disk n'kuyamba kudzikonza.

Akapanda kuipeza, muwapatse pa fulashi. Pitani pa kompyuta ina, fomatani fulashiyo posankha mtundu wa fomati wotchedwa FAT32, kenako mutenge fayilo ya BIOS pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga makinawo, osati kwa munthu wa pa WhatsApp. Ya Dell muisinthe dzina ikhale BIOS_IMG.rcv ndipo isalowe m'foda iliyonse. Ya HP mukaitsegula imakupatsani mwayi wopanga fulashi ya recovery. Makina ochita kulumikiza okhala ndi motherboard ya MSI kapena Gigabyte, ena amakhala ndi kabatani kumbuyo ndi bowo la USB lapadera. Fayilo imatchedwa MSI.ROM kapena GIGABYTE.bin, mumadina kabataniko makina ali ozima koma chingwe chili ku magetsi, n'kudikira kanyale kasiye kuphethira.

Chenjerani ndi model. Makompyuta ambiri kuno ndi a kaunjika, adadutsa m'manja ambiri, ndipo ndapezapo bokosi lolembedwa china, m'kati muli board ina. Werengani dzina lolembedwa pa board penipeni, muunike ndi tochi ya foni.

Fulashi nazo zili ndi makani. Kwa mlembi uja ndinayamba ndi yatsopano ya 64GB, makina osaiona n'komwe. Ndinabwereza kawiri, zii. Ndiye ndinafufuza m'dirowa n'kupeza kakale ka 4GB, kong'aluka chivindikiro, komwe ndinkasungiramo nyimbo za kwaya yathu. Nditakalowetsa kumbuyo n'kugwira mabatani, kanyale kake kanayamba kuphethira, fani inakuwa ngati chigayo, patapita kanthawi kamzere kanatulukira pa sikirini. Mlembi anadzuka pa benchi kufuna kugwira mouse, ine n'kumugwira dzanja. "Bambo, khalani pansi kaye." Panthawiyi n'kuti makina ndawalumikiza ku UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, poti magetsi akathimanso pamenepa ndiye mwabwerera poyambira.

Pali ena omwe njira zonsezi amakana. Amenewo timalemba chip mwachindunji ndi kachipangizo kotchedwa CH341A, kokhala ndi kopanira ngati ka zovala pachingwe. Sindilimbikitsa munthu wosazolowera kuyamba ndi makina a ofesi, koma mfundo zake ndi izi. Chingwe cha magetsi ndi kabatire kaja zikhale zochotsa. Fufuzani kachip ka miyendo 8 kolembedwa monga 25Q64, komwe ndi ka 8MB, kapena 25Q128, ka 16MB. Pakona pake pali kadontho kosonyeza mwendo woyamba, ndipo waya wofiira wa kopanira uyang'ane pamenepo. Dzina la chip mulifufuze musanapanire, chifukwa ena amafuna 1.8 volts, ndipo popanda adapter yotsitsa magetsi muwotcha.

Musanafufute chilichonse, werengani zomwe zili m'chipmo kawiri, mufananize mafayilo awiriwo. Akasiyana, kopanira sikanagwire bwino, konzani. Akafanana, sungani malo awiri. Ngakhale BIOS yowonongeka imakhalabe ndi serial number ya makina, ndipo ambiri mumakhalanso kiyi ya Windows. Ine ndidafufutapo ya kasitomala ndisanasunge, ndili wongoyamba kumene, ndipo ndalama yogulira board ina inatuluka m'thumba mwanga. Dziwaninso kuti fayilo ya pa webusaiti nthawi zambiri siikhala ndi zonse zomwe zimakhala m'chip. Kukula kwake kukapanda kufanana ndi kwa chip, musalembe. Kwerani minibasi, mupite nayo ku Lilongwe kwa omwe amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku.

Makina akadzuka, lowani mu BIOS mukonze tsiku ndi nthawi. Windows ikaonetsa sikirini ya buluu, onani mu BIOS ngati setting ya disk yotchedwa SATA yasintha pakati pa AHCI ndi RAID, muibweze momwe inalili. Ikapempha kiyi ya BitLocker, loko wa Windows wotsekera disk, kiyiyo ndi manambala 48 omwe kawirikawiri amapezeka mu akaunti ya Microsoft ya mwiniwake kapena kwa a IT a pantchito panu.

Ya mlembi sinapemphe kiyi. Anatsegula Excel, anatsika mpaka dzina lomaliza, anawerenga ngongole ya tcheyamani mokweza kuti atsimikize, kenako anandipempha lisiti yachidindo yoti akaonetse komiti. Mafayilowo tinawakopera pa fulashi ya 64GB ija, yomwe anagula pompo, n'kuimanga pa mfundo ya chitenje asanapite kudepoti.