Avereji yokha sikwanira: werengerani ndi variance yomwe

Inu amene mumalemba zokolola m'kabuku kapena kuyang'anira munda wachitsanzo, mwina munakumanapo ndi mawu akuti variance pa maphunziro kapena mu lipoti. Ambiri amawadumpha n'kuthamangira pa avereji. Ndikupempheni kuti musamatero, chifukwa avereji imabisa zinthu zimene zingamugwetse mlimi m'mavuto.

Tiyerekeze kuti mwayesa mitundu iwiri ya mbewu, mtundu uliwonse m'tizigawo tisanu tofanana kukula. Woyamba wakupatsani makilogalamu 48, 50, 52, 50 ndi 50. Wachiwiri wakupatsani 30, 70, 50, 40 ndi 60. Mukaphatikiza n'kugawa ndi 5, mitundu yonse iwiri ikupereka 50. Wongoona avereji anena kuti mbewuzi n'chimodzimodzi. Koma tauonani wachiwiriwo: pena 70, pena 30. Woudzala m'munda wonse sangadziwe kuti adzagwera mbali iti.

Variance ndi nambala yoyeza kumwazikana kumeneku. Pa chokolola cha kachigawo kalikonse chotsanipo avereji. Pa mtundu wachiwiri mupeza -20, 20, 0, -10 ndi 10. Mukaziphatikiza zili choncho zimafafanizana n'kutsala 0, n'chifukwa chake nambala iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe: 400, 400, 0, 100 ndi 100. Zonse pamodzi ndi 1000. Tsopano gawani ndi 4, osati 5. Tizigawo tanuto ndi chitsanzo chabe cha minda yambiri, ndipo kuchotsako chimodzi pa chiwerengero kumateteza kuti yankho lisachepe kuposa mmene zinthu zilili. Mupeza 250. Mukatsata njira yomweyi pa mtundu woyamba mupeza 2.

Musanene kuti "makilogalamu 250", chifukwa manambala aja munawachulukitsa okhaokha. Kuti mubwerere ku makilogalamu, funani nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereke 250. Ndi pafupifupi 16, ndipo imeneyi ndiyo amaitcha standard deviation. Ya mtundu woyamba ndi 1.4 basi. Polankhula ndi mlimi gwiritsani ntchito imeneyi, poti ndiyo imamveka.

Nambala ikatuluka yaikulu, musafulumire kuimba mlandu mbewu. Bwererani kumunda. Kodi kachigawo ka 70 kaja sikali pamalo pamene panali chulu kapena khola? Ka 30 kaja sikali pamtunda pouma msanga, kapena pansi pa mthunzi wa mtengo? Nthawi zambiri kusiyanako kumachokera m'nthaka. Ronald Fisher, amene anayamba kugwiritsa ntchito mawu a variance m'masamu mu 1918, analowa ntchito ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi ku England, mu 1919, ndipo vuto limene analimbana nalo ndi lomweli: kulekanitsa kusiyana kochokera ku feteleza kapena mbewu ndi kochokera ku nthaka ndi nyengo. Njira imene ankalimbikitsa ikugwirabe ntchito lero. Dzalani mtundu umodzi m'tizigawo tingapo, ndipo malo a mtundu uliwonse musankhe mwa maere. Maso athu amakondera. Mbewu imene tikuikhulupirira timaipatsa malo abwino osazindikira.

Mawu omwewa ali ndi matanthauzo ena, ndiye musasokonezeke. Kwa msungichuma wa gulu, variance ndi kusiyana kwa ndalama zimene zinaikidwa mu bajeti ndi zimene zagwiritsidwadi ntchito. Kumeneko n'kuchotsera chabe, palibe zochulukitsa, koma pafunika kulemba chifukwa chake: kodi mtengo wa katundu unakwera, kapena munagula wambiri kuposa mmene munakonzera? Zifukwa ziwirizi zimafuna njira zosiyana zozithetsera. Ku United States, m'malamulo a zomangamanga, variance ndi chilolezo chapadera chomanga mosiyana ndi zimene lamulo la deralo likunena. M'Chingerezi wamba, mawuwa amanenanso za anthu kapena maumboni amene sakugwirizana.

Nyengo ikubwerayi, musathire zokolola za tizigawo tonse m'thumba limodzi musanayeze. Yezani kachigawo kalikonse pakokha, lembani nambala yake pamzere wakewake, ndipo pambali pake mulembe zimene munaona pamalopo: nthaka, madzi, tizirombo ndi tsiku lodzala.