Momwe mungapezere babu loyenera la nyali yakutsogolo ya galimoto muno mu Lusaka

Musanakwere minibasi yopita m'tauni, tsegulani kaye boneti muchotse babu lakufalo. Osangofika pa kauntala n'kunena kuti "ndipatseni babu la Allion". Galimoto zochokera ku Japan zomwe tikuyendetsazi, dzina likhoza kufanana, chaka n'kufanananso, koma ina inabwera ndi mababu wamba a halogen pomwe inzake ili ndi HID, mababu a gasi wa xenon owala moyera kwambiri. Chomwe mukufuna chalembedwa kumunsi kwa babu lenilenilo, pa chitsulo kapena pa pulasitiki. Jambulani ndi foni, babulo muliike m'thumba mupite nalo.

H4 ndi lija la miyendo itatu, limagwira dimu ndi fulu lokha. H7 lili ndi miyendo iwiri. H11 ndi lopindika kumunsi ngati chigongono. Wogulitsa akati alibe HB3 koma ali ndi 9005, musachoke, ndi babu lomwelo. HB4 nayo ndiye 9006. Onaninso kuti palembedwa 12V. La 24V ndi la malole, likalowa m'galimoto yaing'ono limangoyaka ngati koloboyi.

Tsono apa ndi pomwe ine ndinapsa. Nambala ya H4 ndinaipeza bwinobwino, koma mawati sindinawayang'ane. Babu la H4 lomwe galimoto imabwera nalo ndi 60/55W. Mnyamata wina wa kashopu ka masipeya cha ku Kamwala anatulutsa kabokosi kabuluu kolembedwa 100/90W. "Bosi, tengani ili, usiku muziona ngati masana." Mtengo wake unali wotsikirapo kuposa la Osram lomwe linali pambali pake, ine n'kumati ndatola chikwama. Sabata ziwiri zoyamba linawaladi. Tsiku lina ndikuchokera ku Chongwe usiku, mu Great East Road, ndinangomva kafungo ka pulasitiki wopsa, kenaka diso lakumanja thii! Nditaima ndi kuunika ndi foni, soketi inali itasungunuka, yakuda bii, mwendo umodzi wa babu utamatirira momwemo. Mawaya a galimoto yaing'ono sanapangidwe kuti anyamule moto wochuluka chotero. Mawa lake wamagetsi a galimoto anadula soketiyo n'kulumikiza ina, ndipo ndalama yomwe ndinamupatsa ikanandigulira mababu abwino awiri n'kutsala ya mafuta. Anandiuzanso kuti zoterezi zimatheka bwino pokhapokha pataikidwa relay, kaswichi kotengera magetsi ku batire mwachindunji, ndi mawaya okhuthala, zomwe wa kashopu uja sanatchule n'komwe.

Choncho nambala ifanane, mawati afananenso. Mabokosi olembedwa Philips kapena Osram ndi ambiri m'misika, koma si onse enieni. Litulutseni babulo, muone ngati dzina ndi nambala zadindidwa bwino pa chitsulo, ndipo auzeni aliyese pa batire muli pomwepo. Akakana, pitani shopu ina.

Ngati lanu ndi D2S kapena D4S, limenelo ndi HID. Awiriwa amaoneka ofanana koma salowerana m'malo, ndipo poyaka magetsi ake amafika mavoti masauzande ambiri, choncho musiyireni wamagetsi. Ndi okwera mtengo, konzekani. Ma LED otchipa aja ambiri amangomwaza kuwala n'kuthobwa anzanu m'maso, ine sindiwafuna.

Poika, galasi la babulo musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amalipsereza msanga. Gwiritsani kansalu koyera. Timano take timalowa njira imodzi yokha, mukaona kuti mukukakamiza ndiye kuti mwalitembenuza. Bwezerani kawaya kogwira babulo ndi mphira wotseka kumbuyo kwa nyali, apo ayi mvula ya Disembala idzadzaza nthunzi m'nyalimo. Ngati latsopano silikuyaka, onani fyuzi. Gulani awiri, linzakelo silichedwa kutsatira. Madzulo imikani galimoto moyang'ana khoma muone ngati maso onse akuwala mofanana musanapite kukayezetsa fitinesi ku RTSA, bungwe loona za pamsewu.