Momwe mungamuonere opossum waubweya popanda kumusokoneza

M'nkhalango zowirira kuchokera kummwera kwa Mexico mpaka kumadzulo kwa Ecuador mumakhala kanyama kotchedwa opossum waubweya, kamene akatswiri amakatcha Caluromys derbianus. Kamalera ana ake m'thumba la pamimba, kamalemera magalamu 200 mpaka 400 basi, ndipo usana wonse kamagona m'chisa cha masamba, m'mphako kapena m'ziyangoyango za pamwamba. Munthu wofuna kukaona asadzitopetse ndi kuyendayenda m'nkhalango yonse, koma ayambe wapeza mtengo umene kanyamaka kamadyapo.

Mtengowo ndi balsa. Ku Panama umachita maluwa cha mu Disembala ndi Januwale, mvula ikamatha ndipo zipatso zikamasowa, ndipo maluwa ake akuluakulu oyera, ooneka ngati chikho, amatseguka chakumadzulo n'kumadzaza timadzi totsekemera usiku. Pitani dzuwa lisanalowe, pamodzi ndi munthu wodziwa nkhalangoyo, muone pamene pagwa maluwa ofota a dzulo, ndipo musankhe malo oti mukhalepo moti nthambi zikuoneka bwino. Valani nsapato zazitali, chifukwa njoka zaululu nazonso zimayenda usiku.

Mdima ukagwa, ikani tochi pamphumi kapena pafupi ndi diso, osati m'chiuno, pakuti kuwala kukafika m'maso mwa nyama kumabwerera kumene kwachokera. Aliyense amene anaunikapo changa mumtengo akudziwa kale timaso tiwiri towala m'masamba timene ayenera kufunafuna. Mukationa, musafulumire kunena kuti ndi opossum, popeza kinkajou, nyama ina ya m'mitengo yoyenda usiku, nayenso amakonda maluwa omwewo. Kinkajou ndi wamkulu kwambiri ndipo mchira wake uli ndi ubweya mpaka kunsonga, pamene opossum ali ndi makutu aakulu opanda ubweya, mzera wakuda wotsika kuchokera pamphumi kufika kumphuno, ndi mchira wautali kuposa thupi, umene theka lake la kumapeto ndi lopanda ubweya ndipo amaukulunga panthambi ngati dzanja. Muyang'anitsitse pamene akulowetsa mutu m'duwa: amatulukamo nkhope itayera ndi mungu, umene amakausiya pa duwa lina, ndipo mwa njira imeneyi amathandiza mtengo kubala.

Mukamuzindikira, chotsani kuwala pankhope pake, kapena mugwiritse ntchito kuwala kofiira. Musagwedeze nthambi kuti atembenuke, ndipo musamukope ndi nthochi pofuna chithunzi chabwino. Ine ndimaona kuti chithunzi chotere chimabweretsa vuto loposa phindu lake, makamaka ngati ndi wamkazi amene wabereka ana kumsana, chifukwa akadzidzimuka n'kuthawa mwana angathe kugwa.

Bungwe la IUCN, loona za kusamalira zachilengedwe padziko lonse, silimuwerengera opossum ameneyu m'gulu la nyama zimene zili pafupi kutha, koma nkhalango zake zikudulidwa kuti papezeke minda ndi msipu wa ng'ombe. Vuto lalikulu ndi lakuti iye satsika pansi kawirikawiri, choncho mpata umene munthu angaudutse m'masitepe owerengeka, kwa iye uli ngati mtsinje wosefukira, ndipo akakakamizika kutsika amakumana ndi agalu, amphaka ndi magalimoto. Mwini malo m'maderawa asiye mitengo yakale yamphako ngakhale ikuoneka yosathandiza, asasadze ziyangoyango zonse, ndipo asiye mzera wa mitengo m'mbali mwa mtsinje kuti ulumikize zigawo za nkhalango zimene zatsala.

Polambula msewu, ayambe wayang'ana m'mwamba ndi kuika chizindikiro pa mitengo ya mbali ziwiri imene nthambi zake zikukhudzana, kuti odula aipewe. Izi zinachitikapo m'chigwa cha Urubamba ku Peru, kumene akatswiri a Smithsonian, bungwe la kafukufuku la ku America, anasiyitsa nthambi zotere pamwamba pa njira ya paipi ya gasi, ndipo makamera amene anamangirira m'mitengomo anajambula nyama za mitundu yambiri zikuwolokera pa nthambizo usiku.