Momwe mungayambire kumenyanitsa maroboti a pa kompyuta ndi anzanu kuno ku Mzuzu

Pali masewera a pa kompyuta omwe nkhondo ikangoyamba, inu mumapinda manja. Simugwira mawusi, simudina batani lililonse. Ntchito yanu munaimaliza kale pomwe mumalemba pulogalamu, ndipo tsopano pulogalamuyo ikulimbana yokha ndi ya mnzanu, inu mukuonerera ngati wina aliyense. Ikagonja, mumaona ndi maso anu pomwe nzeru zanu zinaperewera. Ndi chifukwa chake ndimakhulupirira kuti wachinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu, kaya ali ku Mzuni ku Luwinga kaya ali Fomu 3 ku Chibavi, amapindula kwambiri ndi masewerawa kuposa kuloweza manotsi.

Masewerawa si a lero. Mu 1961, ku Bell Labs ku America, Victor Vyssotsky, Robert Morris ndi Douglas McIlroy ankamenyanitsa mapulogalamu mu kompyuta ya IBM 7090 pa masewera omwe anawatcha Darwin. Mu 1984 kunabwera Core War, yomwe A. K. Dewdney anaitchukitsa polemba mu magazini ya Scientific American. Koma omwe ndikufuna muyambire ndi Robocode, omwe anapanga ndi Mathew Nelson ndipo IBM inawatulutsa mu 2001. Mumalemba pulogalamu m'chilankhulo cha kompyuta cha Java yoyendetsa kasinja kakang'ono, n'kukaponya m'bwalo momwe muli akasinja a anthu ena.

Ndasankha Robocode poganizira mthumba mwathu. Ndi yaulere, ndi yopepuka moti laputopu yakale ya kaunjika imaikwanitsa, ndipo mukaiika kamodzi basi, intaneti siifunikanso. Alipo masewera ena abwino monga CodinGame ndi Screeps, komanso mpikisano wa Battlecode womwe ophunzira a ku yunivesite ya MIT ku America amachititsa mu Januwale chaka chilichonse, koma kumeneko bandulo imalowa kwambiri. Robocode munthu mmodzi akatsitsa, ena onse angotengerana pa fulashi.

Kuiika mu kompyuta

Choyamba pakhale Java. Tsegulani Command Prompt, lembani java -version n'kudina Enter. Pakatuluka nambala ndiye kuti ilimo. Ngati mulibe, tsitsani JDK (Java Development Kit), chifukwa ndi imene imabwera ndi zida zomangira mapulogalamu. Kenako pitani pa tsamba la intaneti la SourceForge mukatenge fayilo ya Robocode yomwe dzina lake limathera ndi setup.jar. Idineni kawiri, ivomereni ikafunsa foda yoti ikhalemo, ndipo zatha. Mukamafufuza mupezanso Robocode Tank Royale, yomwe ndi yatsopano ndipo imayenda mosiyana. Imeneyo isiyeni kaye.

Musanalembe kalikonse, onererani nkhondo imodzi. Pa Battle sankhani New, ndipo mu gulu lotchedwa sample tengani Walls, SpinBot, Crazy ndi SittingDuck. Pansi pali kotsetsereka kochepetsera liwiro. Kakokereni kumanzere kuti muone bwino. SittingDuck amangokhala phee kudikira imfa. Crazy amathamanga mokhotakhota ngati wasokonezeka mutu. Walls amangoyenda m'mbali mwa khoma mfuti italoza pakati, ndipo ngakhale nzeru yake ndi yochepa chonchi, mudzadabwa kuti roboti yanu yoyamba izigonja kwa iyeyu mobwerezabwereza.

Roboti yanu yoyamba

Pa Robot sankhani Source Editor, kenako File, New, Robot. Ifunsa dzina, lomwe liyambe ndi chilembo chachikulu, monga Kaning'ina kapena Lunyangwa, kungoti kachizindikiro ka pa ng' musakaikemo, Java sikalola m'dzina. Ifunsanso package, apa ikani zilembo zing'onozing'ono za dzina lanu kuti roboti yanu isasokonezeke ndi ya wina. Robocode ikulemberani yokha chiyambi, ndipo pakati pake mupeza mizere inayi yomwe imabwerezedwa mpaka kalekale:

ahead(100);
turnGunRight(360);
back(100);
turnGunRight(360);

Ndiko kuti pita kutsogolo mapikiselo 100, zungulitsa mfuti, bwerera, zungulitsanso. Munsi mwake muli chigawo chotchedwa onScannedRobot, chomwe chimadzuka rada ikaona mdani, ndipo m'menemo mwalembedwa fire(1). Dinani Compiler, Compile. Ikadandaula, werengani nambala ya mzere yomwe yatchula. Nthawi zambiri ndi semikoloni yomwe yaiwalika. Ikavomera, bwererani ku Battle mukaimenyanitse ndi SittingDuck, kenako Walls.

Masamu a chipolopolo

Apa ndi pomwe pagona masewera onse, ndiye tikhalepo pang'ono.

Roboti iliyonse imayamba ndi mphamvu 100. Kuwombera kumadya mphamvu yomweyo. Chipolopolo mungachipatse mphamvu kuyambira 0.1 mpaka 3, ndipo imeneyo imachotsedwa kwa inu nthawi yomweyo, chimenye chisamenye. Chikamenya, mdani amataya kanayi ka mphamvu ya chipolopolocho, ndipo ngati inapitirira 1 pamakhala kowonjezera. Choncho chipolopolo cha 1 chimachotsa 4, cha 2 chimachotsa 10, cha 3 chimachotsa 16. Inu mumabwezeredwa katatu: cha 3 chikamenya mumalandira 9. Chikaphonya mwangotaya. Roboti yowombera mwachisawawa imadzimaliza yokha mpaka mphamvu kufika 0, n'kuima chilili pakati pa bwalo osatha kusuntha, kudikira aliyense woti aimalize.

Ndiye wina anganene kuti tiziwombera cha 3 nthawi zonse. Ayi. Chipolopolo cholemera chimayenda pang'onopang'ono. Liwiro lake ndi 20 kuchotsapo katatu ka mphamvu yake: cha 1 chimayenda mapikiselo 17 pa mphindi imodzi ya masewera (si mphindi ya pa wotchi, ndi kamphindi kochepa komwe Robocode imatcha turn), cha 3 chimayenda 11 okha. Tiyerekeze kuti mdani ali mapikiselo 400 kuchokera pomwe muli. Chipolopolo cha 3 chitenga mphindi za masewera pafupifupi 36 kuti chifike. Roboti yothamanga kwambiri imayenda 8 pa mphindi, ndiye m'nthawi imeneyo yasuntha mapikiselo oposa 280, pomwe thupi lake ndi 36 m'litali ndi m'lifupi momwe. Mwawombera mphepo. Komanso mfuti imatentha: mukawombera cha 3 mumadikira mphindi 16 kuti izizire, cha 1 mumadikira 12.

Kusintha koyamba kwa phindu n'kumeneku. Mu onScannedRobot funsani mtunda ndi getDistance. Mdani akakhala pafupi, tinene mkati mwa 150, mupatseni cha 3. Akakhala patali, cha 1. Mphamvu yanu ikatsika pansi pa 20, chepetsani kapena lekani kuwombera zakutali. Mizere isanu yokha, koma mukaimenyanitsa ndi roboti yanu yakale kusiyana kumaonekeratu pa mapointi.

Chachiwiri, dziwani kuti kasinja kanu kali ndi ziwalo zitatu zomwe zimatembenuka pa liwiro losiyana. Rada imazungulira madigiri 45 pa mphindi, mfuti 20, thupi 10 likaima ndipo limachedwerapo likamathamanga. Poyamba zitatuzi zimakhala zomangirirana, thupi likakhota mfuti nayo imakhota, n'kuchoka pa mdani. Kumayambiriro kwa run, chigawo chomwe muli mizere inayi ija, ikani setAdjustGunForRobotTurn pa true kuti mfuti iziima payokha. Pa Options, Preferences, muyatsenso zoonetsa kuwala kwa rada kuti muziona komwe roboti yanu ikuyang'ana. Anthu ambiri amadandaula kuti roboti yawo sikuwombera, chonsecho ikuyang'ana kukhoma.

Pali msampha umodzi womwe umagwira ngakhale ana a masamu. M'kalasi tinaphunzira kuti madigiri 0 amaloza kumanja ndipo amakwera mobwerera kumanzere. Mu Robocode 0 ndi kumwamba ndipo amazungulira ngati wotchi, 90 ndi kumanja. Ndiye powerengera pomwe mdani ali, x imafuna sin ndipo y imafuna cos. Lembani zimenezi pa kapepala mumate pa laputopu. Aphunzitsi a masamu a ku sekondale, ngati mukuwerenga, mwana amene amafunsa kuti trigonometry idzamuthandiza chiyani mumuonetse apa.

Kuzemba

Roboti siona zipolopolo. Rada imaona akasinja okha. Koma imakuuzani mphamvu ya mdani kudzera mu getEnergy, ndipo pamenepa pali khomo. Sungani mphamvu yomwe munaona komaliza. Mukaonanso n'kupeza kuti yatsika ndi pakati pa 0.1 ndi 3, kawirikawiri ndiye kuti wangowombera kumene. Sinthani njira nthawi yomweyo: ngati mumapita kutsogolo, bwererani. Kuti zimenezi zigwire ntchito, musamayang'anizane naye maso ndi maso, chifukwa kupita kutsogolo kapena kumbuyo kumakhala kuyenda mumzere wa chipolopolo womwewo. Mupatseni nthiti, kutanthauza kuti pa getBearing, yomwe imakuuzani mbali yomwe kuli mdani, muwonjezerepo 90 n'kutembenuka motero. Mukatero sitepe iliyonse imakuchotsani pamzere.

Mukafika apa muona kuti Robot wamba amachita chinthu chimodzi pa nthawi: akamayenda sazungulitsa mfuti. Sinthani mawu oti Robot pamwamba pa fayilo akhale AdvancedRobot, muzigwiritsa ntchito setAhead, setTurnGunRight ndi setTurnRadarRight, kenako execute kuti zonse zichitikire limodzi. Kungoti AdvancedRobot akagunda khoma amavulala, ndiye muziyang'ana getX ndi getY kuti musayandikire m'mbali. Bwalo lokhazikika ndi 800 kwa 600, ndipo 0, 0 ili pakona ya pansi kumanzere.

Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo roboti yakale muisunge ndi dzina lina. Yatsopano ikalephera kugonjetsa yakale, ganizo lanulo silinathandize ngakhale limamveka lanzeru chotani.

Kusonkhanitsa anzanu

Kumenya Walls tsiku ndi tsiku kumatopetsa. Kukoma kwake kuli ngati kwa bawo, komwe kumafuna mnzako wokudziwa machenjera ako, ndi anthu oimirira kumbuyo akukuwa. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akwana. Pezani kalasi Loweruka masana, kapena chipinda cha pa tchalitchi ku Katoto, Zolozolo, Chiputula, kulikonse komwe kuli soketi. Laputopu imodzi ndiyo ikhale bwalo, ndipo ngati pali TV ilumikizeni ndi HDMI kuti onse aone. Itchajeni idzaze usiku wake, poti magetsi tonse tikuwadziwa.

Aliyense pa kompyuta yake asankhe Robot, kenako Package robot, zomwe zimamanga roboti kukhala fayilo imodzi ya jar. Mafayilowa aikidwe mu foda ya robots pa laputopu ya bwalo. Fulashi iliyonse muipime kaye mavairasi. Yomwe yadutsa m'malo osindikizira mapepala m'tauni muno simungaikhulupirire.

Aliyense amenyane ndi aliyense, awiriawiri. Robocode imayamba ndi ndime 10 pa nkhondo, koma zimenezo n'zochepa chifukwa malo oyambira amasankhidwa mwamwayi. Ikani 35, monga amachitira pa RoboRumble, mpikisano wa pa intaneti womwe maroboti a dziko lonse amapimidwirapo. Wopambana muzimuona pa mapointi omwe Robocode imatulutsa pamapeto, osati pa ndime zokha, chifukwa kuvulaza mdani nako kumawerengedwa: pointi imodzi pa mphamvu iliyonse yomwe chipolopolo chanu chachotsa, ndi 50 nthawi iliyonse mdani akafa inu mudakali moyo. Mukamaliza, aponyeni onse m'bwalo limodzi. Kumeneko zinthu zimasintha, amene amakonda pakati amafa msanga ndipo wobisala pakona amakhalitsa.

Lamulo limodzi ndikulimbikira kuti likhalepo. Pa RoboWiki, tsamba la intaneti la osewera Robocode, pali maroboti amphamvu kwambiri omwe aliyense angathe kukopera, ndipo tsiku lina wina adzabwera nayo. Kuwerenga za ena n'kwabwino, ndi momwe tonse timaphunzirira. Koma gwirizanani kuti mpikisano ukatha aliyense atsegula pulogalamu yake pa TV n'kufotokoza mzere ndi mzere, ndipo amene walephera kufotokoza mapointi ake sawerengedwa. Njira ina ndi kuika malire a kukula kwa pulogalamu. Pa RoboRumble pali magulu: NanoBot yosafika mabaiti 250, MicroBot yosafika 750, MiniBot yosafika 1500. Gulu la ongoyamba kumene likhoza kugwirizana pa MiniBot. Ndipo atsikana muwaitane mwachindunji, musangoika uthenga pa gulu la WhatsApp n'kumati aliyense wamva.

Kwa amene akufuna kulowa pansi penipeni

Core War ilibe akasinja kapena zithunzi zokongola. Mapulogalamu awiri amaikidwa mu memory yozungulira ya malo 8000, n'kumasinthana kuchita lamulo limodzilimodzi. Chilankhulo chake ndi Redcode, ndipo pulogalamu yoyendetsera yodziwika ndi pMARS, yomwe ngakhale kompyuta yokalamba kwambiri imainyamula. Cholinga ndi kuchititsa mdani kuti aponde lamulo la DAT, lomwe limamupha. Msilikali wamng'ono kuposa onse, Imp, ndi mzere umodzi:

MOV 0, 1

Amadzikopera pa malo otsatira, n'kupita pomwepo, n'kudzikoperanso, mpaka kuzungulira memory yonse. Wina wotchuka ndi Dwarf:

ADD #4, 3
MOV 2, @2
JMP -2
DAT #0, #0

Uyu sasuntha. Amaponya DAT pa malo achinayi alionse, ndipo popeza 8000 imagawika ndi 4, mabomba ake akazungulira samugwera iye mwini. Amenyanitseni awiriwa pang'onopang'ono muone. Kawirikawiri Imp amadutsa pamwamba pa Dwarf n'kumusandutsa Imp mnzake, ndipo nkhondo imathera osapezeka wopambana. Ntchito yanu yoyamba mu Redcode ikhale kupeza njira yoimitsira Imp asanafike pa inu.